Maso Anga Anali ku Mchira wa Basi

Tunis,
9 Disembala

Okondedwa achemwali a Mbarka,

Mtendere ukhale nanu, inu ndi onse a m'nyumba mwanu. Kodi muli bwanji? Mawondo aja akukulolanibe kukwera mtunda wa kuchitsime, kapena mwayamba kutuma adzukulu? Ndamva kuti mvula inagwa bwino kumapiri kwathuko ndipo azitona abereka mpaka nthambi kuwerama. Ine kuno ndilipo, ndikudya, ndikugona. Mulungu atamandike.

Kalatayi akundilembera a Ammar, mlembi wokhala pakhomo la positi ofesi, poti mukudziwa dzanja langa limadziwa chiwongolero, cholembera ayi. Andichenjeza kale kuti ndisachulutse gaga m'diwa, pepala lawo si msewu. Koma inu mukundidziwa, kuyambira tili ana nkhani yanga siyenda njira yachidule.

Ndiyambe ndi maliro. Tijani anatisiya. Simunamuonepo, koma dzina lake mwalimva m'makalata anga ambiri: kondakitala wanga uja wa ku Beja, wamfupi, wadazi, yemwe ndayenda naye zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Unali mtima. Anangokhala pansi pakhomo pake akumanga nsapato, osadzukanso. Abale ake anamutengera kwawo tsiku lomwelo ine ndili pamsewu, ndipo uthenga unandipeza atamuika kale.

Achemwali, pali chinthu chomwe ndakubisirani zaka zinayi, lero ndikuulula. Diso langa lakumanja linazima. Poyamba ndinkayesa ndi ng'ala, koma dotolo wina yemwe ndinapitako mobisa anati ndi mtsempha wa m'kati wauma, ulibe mankhwala. Mukaliona lili bwinobwino, limaphethira ngati linzake. Ankadziwa ndi Tijani yekha.

Basi yomwe ndinkayendetsa munaiona pachithunzi chija. Ndi mabasi awiri olumikizidwa pakati ndi mvukuto ngati wa osula makasu. Mutu ukakhota, mchira umabwera pa nthawi yake, ndipo sutsata mapazi a mutu ayi, umadula njira, kufuna kukwera m'khonde la anthu. Tsono misewu ya kumsika kuno anaimanga poganizira abulu. Mbali iyi munthu wayala nsapato, mbali iyo wina waimika galimoto kuti akagule buledi mmodzi, pakati ndiye pakudutsa iwe ndi chinjoka chako chodzaza anthu mpaka pachitseko. Woyendetsa amadalira galasi lakumanja. Ine ndi diso limodzili galasilo ndimaliona, koma silindiuza ngati chinthu chili pafupi kapena patali.

Tijani ankakhala kumchira, pa kampando kake pafupi ndi chitseko chakumbuyo, pomwe anthu amakwerera n'kudula matikiti. Anali ndi kandalama kachitsulo kakalekale, kosagulanso kanthu. Tikafika pokhota, ankasuzumira panja n'kumenya nako galasi la windo. Kulira kwake kunkaboola phokoso lonse la m'basi mpaka kundipeza. Kamodzi, pita. Kawiri, sendera kumanzere. Katatu mofulumira, ima pomwepo. Tsiku lonse tinkalankhulana choncho, ine kumutu iye kumchira, osaonana nkhope mpaka kumapeto kwa ulendo, komwe tinkadya lablabi, tchana wotentha uja wonyemeramo buledi, iye wake wothira tsabola ngati akulanga munthu. Ankandinena kuti ndimayendetsa ngati ndanyamula mkwatibwi. Ine ndinkamuuza kuti avale chipewa, dazi lake likundithobwa m'maso pagalasi.

Mufunsa kuti nanga kampani siyeza maso? Imayeza, chaka chilichonse, tonse. Pakhoma pali bolodi la tizizindikiro tonga mafoloko, tina toloza m'mwamba, tina pansi, tina m'mbali. Tijani ankayamba kulowa, potuluka n'kundiimbira mzere uliwonse kukhutu, ine n'kuloweza monga tinkachitira kwa shehe tili ana. Akanditseka diso labwinoli ndinkangolakatula. Namwino mpaka anandiyamikira, amvekere bambo inu, maso anuwa ndi a mphamba. Tinaseka tsiku limenelo mpaka kugwirana mapewa. Lero sindikusekanso.

Chimwalirireni iye, makondakitala amangosinthana, lero uyu mawa uja. Ndi anthu abwino, koma ntchito yawo ndi matikiti. Ndinayenda masabata asanu khutu lili tcheru, kudikira kugogoda kosabwera. Pokhota paliponse malaya ankanyowa ndi thukuta, kuzizira konseku.

Lachinayi la sabata yatha, m'mawa dzuwa litakwera, pokhota paja potulukira ku Bab el Khadra, ndinangomva khuu! kumbuyo, anthu n'kukuwa. Ndinaponda buleki, kutsika. Mchira unali utakokolola ngolo ya munthu wogulitsa malalanje, malalanje mbwee msewu wonse. Mwini wake anandilowa ndi mawu, amvekere madala inu, maso munawavula limodzi ndi nsapato pakhomo la mzikiti n'kuwaiwala konko? Wina m'basi anatulutsa mutu pawindo, akuti amusiye mkuluyo, watsitsa mtengo wa malalanje, boma linalephera. Anthu kuseka. Nanenso kukamwa kunayamba kumasuka, kenaka ndinazungulira kuseri kwa ngoloyo.

Kunali amayi ena okalamba, msinkhu womwe amayi athu anali nawo pomwalira, atakhala m'mphepete mwa msewu ndi dengu la masamba onunkhira othira mu tiyi. Nsapato yawo imodzi inali pansi pa tayala lakumbuyo, itaphwatalala. Phazi analibweza okha, sindikudziwa bwanji. Sanakuwe, sanatukwane. Anangondiyang'ana, nanditchula kuti mwananga, ine wa imvi zangazi, n'kunena kuti nsapato agula ina, koma miyendo pamsika uno sagulitsa. Kenaka anandipempha kuti ndisunthe basi pang'ono, atenge nsapato yawo.

Kudepoti abwana athu, a Moncef, anafuna kundithandiza. Anati ngolo siziloledwa pamenepo, alemba kuti wolakwa ndi wamalalanje, ine ndisaine, mawa ndibwerere pamsewu. Anandikumbutsa kuti kwangotsala chaka ndi theka kuti ndipume ndi ulemu wanga wonse. Pepala linali patebulo, cholembera anachita kundigwiritsa m'manja. Achemwali, dzanja linakana. Ndinatseka diso lakumanzere ndi chikhatho, n'kuwauza kuti abwana, panopa sindikukuonani, ndipo zakhala choncho zaka zinayi. Kenaka anadzuka, kutseka chitseko, nandifunsa motsitsa mawu kuti iwe Belgacem, nanga unkakhota bwanji masiku onsewa? Ndinawafotokozera za kandalama kaja. Sanandikalipire. Anangoti Mulungu amuchitire chifundo Tijani, ndipo atikhululukire.

Laisensi ndinapereka. Wamalalanje uja ndinakamupepesa, ngolo yake tinaikonzetsa. Abwana anati akhoza kundiika pageti la depoti kuti ndizitsegulira anzanga, koma ndinakana. Sindingaime pamenepo ndikuona basi yanga ikutuluka ndi munthu wina.

Tsopano ndimadzuka m'mamawa monga kale, kusamba, kupemphera, kuvala, kenaka n'kukumbukira kuti kulibe kopita. Zaka makumi atatu ndi zinayi mumzinda muno, ndanyamula anthu osawerengeka, koma onsewo amadziwa nkhongo yanga yokha. Chimwalirireni mlamu wanu Habiba, m'chipinda muno amalankhula ndi wailesi. Mwana wanga Leila ali bwino ku Marseille ndi mwamuna wake. Ndamuuza kuti ndapuma ntchito, za diso ayi, angalire pafoni.

Dzulo kukhala kunandikwana, ndinakwera basi yanga yomwe ija ngati mlendo, n'kudula tikiti, kukhala kumchira. Sindinadziwe kuti kumbuyoko kumagwedeza choncho, Tijani uja anapirira. Titafika pokhota pa kumsika ndinangozindikira ndatulutsa ndalama m'thumba, ndikumenya galasi kawiri. Kondakitala anandiyang'ana, amvekere agogo, galasi la kampani limenelo, mukaswa mulipira. Ndinatsika pa siteji yotsatira n'kubwerera pansi.

Pempho langa ndi limodzi. Kachipinda kakumapeto kaja m'nyumba ya malemu bambo, komwe mumasungiramo mitsuko ya mafuta ndi balere wa nkhosa, kodi mungapezeke malo oyala munthu mmodzi? Ndikudziwa kuti nyumbayo mwaisamala ndinu ndi alamu a Salah, ine sindinaikepo ngakhale mwala umodzi. Ndikudziwanso kuti pa maliro a amayi ndinafika mochedwa n'kubwerera mawa lake, ndipo alamu sanaiwale. Sindikubwera kudzafunsa gawo. Mulankhule nawo mofatsa, atadya. Akakana mundiuze mosabisa, sindikwiya. Sindidzakhala manja lende, kuthyola azitona kumafuna manja, ndipo anga onse awiri alipo.

Mundiperekere moni kwa alamuwo, kwa azakhali a Khmissa ngati makutu akuwalolabe, kwa mwana wanu Ridha ndi mayi a kunyumba kwake, ndi kwa adzukulu onse, amene ena sindikuwadziwa ndi mayina omwe. Mukapita kumanda Lachisanu mundinenereko kwa bambo ndi amayi.

Mukavomera, ndidzakwera galimoto ya Loweruka yofika kwathuko ku Makthar masana. Katundu ndilibe wambiri, chikwama chimodzi ndi wailesi. Amene adzabwere kudzandichingamira mumuuze aime kumanzere kwanga ndipo anditchule dzina mokweza. Ndingamupitirire osamuona, anthu n'kumati Belgacem wabwera ndi matama a mumzinda.

Ndine mlongo wanu wokukumbukirani,
Belgacem