Mwala wa pamanda a amayi

Zingalume, Chadiza

Mng'ono wanga Imelda,

Ndiyambe ndi kukufunsa za moyo wako ku Lusakako, poti kuno sitikuona. Mwendo uja unasiya kutupa? Ine thupi lili bwino, mwana wanga Natasha nayenso ali bwino, koma mtendere m'nyumba muno mulibe. Ndalemba kalata chifukwa pa foni umathamanga, umati abwana akuitana.

Nkhani ndi ya mwala wakuda uja unabweretsa kuti tiike pamanda a amayi. Unanyadira kuti ndi giranaiti, wofanana ndi wa m'khitchini mwa abwana ako umene umapukuta tsiku ndi tsiku. Unandilangiza ngati mwana: ndisakwechese ndi mchenga kapena phulusa, ndimu asayandikire, koma madzi ofunda, sopo wa mbale ndi kansalu kofewa. Unandisiyiranso kabotolo ka mafuta opaka kuti mvula isalowe m'mwalamo.

Iwe Imelda, tauni inakuiwalitsa kuti manda si khitchini? Kwathu kuno munthu salowa kumanda yekha popanda maliro. Ndinakuuza, iwe n'kuseka, umvekere zimenezo n'zachikale, amayi asagone pansi pa zitosi za mbalame. Mawu amenewo anandilasa mtima, ndipo ndinayamba kupita.

Ndinkapita masana dzuwa lili pamutu, kuti wina asanene kuti ndikubisala. Utomoni wa mitengo ija umamatirira, umafuna kugwada ndi kupukuta nthawi yaitali. Popukutapo ndinkacheza ndi amayi, kuwauza za mtedza ndi za sukulu ya Natasha. Nanga munthu n'kukhala duu pamaso pa mayi ake?

Tsiku lina a Lenard a m'mudzi muno, akudutsa ndi ngolo, anandiona ndikutuluka m'mitengo, kabotolo kali m'manja. Anafika pamudzi n'kunena kuti Veronika amagwada pamanda, kuthira zinthu ndi kuyankhula yekha. Bodza sananame, koma cholinga changa sanandifunse.

Sabata yomweyo Chithokozo, mwana wa a Esther oyandikana nafe, anadwala malungo n'kumwalira ku kiliniki. Mwana amene ndinkamubereka kumsana kwanga! Pamaliro nditalowa m'nyumba ya siwa, amayi onse anasuntha, mphasa yonse n'kutsala yanga. A Esther anandiloza chala, akuti ndibweze mwana wawo.

Kuyambira pamenepo ndine mfiti. Kumjigo ndikafika, anthu amachotsa zidebe zawo. Natasha kusukulu amakhala yekha pabenchi. Lachiwiri tili kudimba, nkhokwe ya mtedza inapsa yonse, ndipo palibe anabwera ndi madzi ngakhale a m'kapu. Dzulo tapeza chikwanje chozikidwa pakhomo.

Ndinatenga kabotolo kaja kukaonetsa akuluakulu. Palibe anafuna kukagwira. Ndinati awerenge okha zolembedwapo, iwo akuti botolo ndi botolo, za m'kati adziwa ndi mwini wake. Agwirizana kuti nkhaniyi ikambidwe pabwalo Loweruka likudzali, ndipo achinyamata akunena poyera kuti sadikira zokamba.

Ndili ndi mantha, mng'ono wanga. Ndakwiyanso nawe, sindikubisira. Iwe unaika mwala, anthu anakuombera m'manja, unakwera basi. Wotsala ndi kansalu ndine.

Bwera. Usatumize ndalama, usatumize mawu pa foni. Ubwere ndi miyendo yako, udzaime pabwalo, udzanene ndi pakamwa pako kuti unandituma ndiwe. Ujambule khitchini ya abwana akoyo, mwina akaona kuti ku Lusaka anthu amadulira anyezi pamwala womwewo adzandikhulupirira. Ukafika Chipata m'mawa, minibasi za ku Chadiza uzipeza.

Kumanda ndinasiya kupita. Mwala uja wayamba kuchita mawanga, ndipo ndikauganiza ndimalira ngati amayi amwalira lero.

Mulungu akusunge panjira. Undiperekere moni kwa alamu anga a Dyson ndi ana. Ndipo ukachedwa, n'kupeza zachitika, chonde ine usadzandiikire mwala. Natasha ndikumudziwa, adzapita kukaupukuta.

Ndine mkulu wako,
Veronika