Phulusa la Lachinayi

Kabwazi, Dedza
14 Okutobala 2023

Okondedwa achimwene a Zefaniya,

Ndiyambe ndi moni. Muli bwanji ku Joniko, inu ndi alamu a Nomsa pamodzi ndi ana? Bondo lija munkadandaula nalo linasiya kuwawa? Kuno tadzuka. Bambo a Mercy ali bwino, Mercy akupita kusukulu, ndipo chifuwa chimene chinamugwira nthawi yozizira chinatha. Mng'ono wanga Pilira ndi wotopa, pakati pake pafika miyezi isanu ndi itatu.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Ndakuimbirani katatu kuti ndinene, koma mukangoyankha ndimayamba kufunsa za nyengo ya kumeneko. Ndiye ndati ndilembe, a Funsani akutengereni pobwerera kuntchito Lolemba. Muwerenge muli nokha, mutakhala pansi.

Ndi nkhani ya imfa ya abambo. Zimene munamva si mmene zinayendera.

Inu munachoka maluwa aja asanakule, ndiye simunaone mmene pakhomo panasinthira. Mukukumbukira kuti abambo atasiya ntchito yosamala maluwa kunyumba za mabwana ku Lilongwe, anabwera ndi timitengo tokulunga m'chiguduli chonyowa. Anthu anaseka kuti anzawo amabwera ndi malata, a Yohana abwera ndi nkhuni. Amalume a Zikhalo anawauza kuti maluwa a kotentha sangapirire chisanu cha ku Dedza kuno. Abambo anangoti tiona.

Sanagulepo kanthu. Mbewu ankafesa m'mapepala a shuga ndi m'zidebe zobooka. Madzi otsukira mbale sankatayidwa pabwalo, ankapita ku maluwa. Zitosi za nkhuku ndi za mbuzi ankawola okha m'mawa uliwonse. Koma ntchito yaikulu inali kuphimbira nthaka. Mapesi ankawadula tizidutswa ndi chikwanje, n'kusakaniza ndi makoko a mtedza, makoko a nyemba, masamba ouma a nthochi ndi udzu wakale wotsitsa padenga. Akatero ankayala pansi pa duwa lililonse mpaka phazi kumira. Ankati nthaka nayo imamva kuzizira ngati munthu.

Mu Juni, kachewere wa anthu akapsa ndi chisanu kudimba, haibisikasi wawo wofiira ankangoima chilili. Bogenivila anakwera mpanda mpaka kukagwira denga la khitchini. Panalinso ena a masamba ngati nthochi, otulutsa duwa lokhala ngati mutu wa mbalame, amene dzina lake linandikanika. Amayi a kutchalitchi ankabwera Loweruka kudzathyola oika paguwa. Kukhale ukwati, kukhale maliro, abambo sankakaniza munthu.

Phulusa linali ndi lamulo lake. Ankalithira m'mphepete mwa zophimbirazo kuti chiswe chisalowe, koma ankati liziyamba lagona masiku awiri m'ndowa yachitsulo. Miyendo yawo itayamba kuvuta, ntchito ya phulusayo inakhala yanga.

Tsiku lija Lachinayi, mphepo ya Ogasiti inayamba m'mamawa. Ndinali nditaphika nyemba ndi chitsa cha bulugama, ndipo ndinkathamangira kuti ndikagulitse kachewere pa Chimbiya. Ndowa ya phulusa ndinali nditaviikamo mphale. Ndinawola phulusa pamafuwa, ndinaligwira pamwamba n'kumva kuti lazizira, ndipo ndinakalikhuthula pansi pa bogenivila kuseri kwa khitchini.

Ndinaona kautsi. Achimwene, ndinakaona ndi maso angawa. Ndinapondapo kawiri ndi silipasi, n'kusenza dengu langa, ulendo.

Abambo anali chigonere m'nyumba mwawo. Pilira anali kusikelo, bambo a Mercy kudimba. Alamu a Gerevazio, amuna a Pilira, ankatentha zinyalala m'munda mwawo kumunsi kwa mpanda.

Ndinabwera dzuwa litapendeka, n'kupeza anthu adzaza pakhomo. Moto unali utayenda m'zophimbira zonse kuzungulira nyumba, n'kukwera mpanda, khitchini ndi nkhokwe. Anandiuza kuti abambo anatuluka ndi ndodo yawo, n'kugwada pansi kumakokera mapesi oyaka kutali ndi tsinde la maluwa, ndi manja okha. Jekete lawo linagwira moto. Amene analumpha mpanda n'kuwatulutsa ndi a Gerevazio. Mpaka lero zala zawo ziwiri za kumanja sizitambasuka.

Pagulu lija wina anati waona mkamwini akutentha m'munda. Nkhani inathera pomwepo. A Gerevazio anayesa kufotokoza kuti moto wawo anali atauzimitsa kale pamene anamva kukuwa, komanso kuti mphepo inkachokera kunyumba kupita kumunda, osati kumunda kupita kunyumba. Palibe anawamvera. Ine ndinali pomwepo, dengu lili m'manja. Sindinatsegule pakamwa.

Kuchipatala ndinawadikirira masiku asanu ndi anayi. Za mabala awo sindilemba. Tsiku lina m'mawa, ndikuwapukuta kumaso, anandiitana ndi mawu apansipansi.

Anati, "Ndapeza, phulusa la Lachinayi linagona?"

Ine ndinati, "Linagona, ababa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenuzira nkhope kukhoma. Sanandifunsenso. Amalume atabwera kudzawaona, abambo anawauza kuti mkamwini asamuvutitse, alibe mlandu. Amalume potuluka anati amenewo ndi mawu a munthu wa mtima wabwino chabe. Ine ndinkadziwa kuti si choncho. Abambo anandisiyira mpata woti ndinene ndekha, ndipo anamwalira Loweruka ndisananene.

Pamaliro panalibe duwa ndi limodzi lomwe la pakhomo. Munthu amene analukitsa nkhata za maliro a mudzi wonse uno tinamuikira maluwa a pulasitiki ogula kuboma. Amayi a kutchalitchi ankalira poziika, ndipo maso a onse ankapita kwa a Gerevazio, amene anakhala kumbuyo kwenikweni manja ali m'mabandeji.

Inu simunathe kubwera chifukwa cha mapepala anu, ndipo sindikukudzudzulani. Koma mukukumbukira zimene munanena pafoni tsiku lotsatira, tonse tikumva. Munati inu monga mwini mbumba simukufuna kuti munthu wopha abambo agonenso m'mudzi mwathu. Munkalira polankhula. Amalume anachita monga munanenera.

A Gerevazio sanatsutse. Anamanga zovala zawo m'chitenje cha Pilira, n'kutenga khasu lawo kupita kwawo ku Mayani. Podutsa pakhomo panga anaima, anavula chipewa, n'kunena kuti, "Alamu, mundionereko Pilira, miyendo imamutupa." Ndinavomera. Ndinawauzanso kuti ayende bwino.

Ndinkaganiza kuti masiku akamapita nkhaniyo izizira. Koma Pilira anasiya kudya bwino, anasiya kupita kutchalitchi chifukwa cha manong'onong'o, ndipo anayamba chinthu chimene chandisowetsa mtendere. M'mawa uliwonse amapita kumjigo katatu, ndi mimba yakeyo, kukatunga madzi othirira zitsa zakuda zija. Wayambanso kutola mapesi m'minda ya anthu n'kumadula tizidutswa monga ankachitira abambo. Palibe chimene chaphuka.

Nditamuletsa anandiyankha kuti akulipira mlandu wa mwamuna wake, kuti mwina abambo kumene aliko asamukwiyire mwana ali m'mimbayu. Anati usiku ndi usana amaganiza kuti adzamuuza bwanji mwanayo kuti bambo ake ndi amene anatentha agogo ake. Atatero anandigwira dzanja n'kundithokoza kuti ine ndekha ndi amene sindinamunenepo zoipa mwamuna wake.

Lachiwiri lapitali anagwa ndi ndowa pamjigo. Tinamutengera kuchipatala panjinga. Anamwino anati magazi ake akuthamanga kwambiri, ndipo asagwirenso ntchito yolemetsa kapena kuganiza zambiri. Anafunsa kuti mwamuna wake ali kuti. Pilira anangoyang'ana pansi.

Madzulo ake ndinawauza bambo a Mercy zonse. Anati madzi akatayika saoleka, omwalira anaikidwa, ndiye ndisaphwanye banja lachiwiri pofuna kukonza loyamba. Ndinapitanso kukalapa kwa ansembe. Iwo anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kundiuza kuti Mulungu savuta kukhululuka, koma a Gerevazio akadali ku Mayani.

Ndiye ndikunena kwa inu, achimwene, mosabisa. Moto umene unapha abambo ndinauyatsa ndi ine. A Gerevazio sanalakwe kanthu, anapsa manja powapulumutsa. Ndinanama kwa abambo ali pabedi lawo lomaliza, ndipo ndinasiya inu kuti mupitikitse munthu wosalakwa. Sindikuti ndinachita mwangozi kuti mundimvere chisoni. Phulusalo linali ngozi, koma kukhala chete miyezi iwiri sinali ngozi.

Pilira sindinamuuze. Ndikuopa magazi akewo. Ndikufuna pamene ndizimuuza mwamuna wake akhale pambali pake, kuti akandida akhale ndi pomutsamira.

Lachisanu likubwerali ndikupita ku Mayani kukagwada pamaso pa a Gerevazio ndi amayi awo. Ndipita ndekha, bambo a Mercy akana kundiperekeza. Koma ngakhale ndikalire bwanji, iwo sangabwerere m'mudzi muno ndi mawu anga. Anachoka ndi mawu anu, ndipo amalume sangamve za wina aliyense koma inu. Chonde, muwaimbire amalume, muwauze kuti mwabweza mawu aja. Muwaimbirenso a Gerevazio nokha, ndi pakamwa panu. Nambala yawo ndalemba kuseri kwa pepalali. Mwina akana kubwerera, ndipo akakana sindidzadabwa. Koma amve kuti akwathu akudziwa zoona mwana wawo asanabadwe.

Za ine muweruze mmene muonere. Mukati ndichoke pamudzi ndichoka, ndikakhala kwawo kwa bambo a Mercy ngati angandilandire. Ndingopempha kuti Mercy amalize Sitandade 8 konkuno, akhale ndi Pilira ngati Pilirayo angalole. Mwanayo sadziwa kanthu, ndipo agogo ake ankamukonda.

Mundiperekere moni kwa alamu a Nomsa ndi ana onse. Muwauze nokha nkhaniyi mmene muonere kuti n'koyenera. Ambuye akusungeni pantchito panu, akupatseni mtima woti muwerenge kalatayi mpaka pamapeto. Ndikudziwa kuti mufuna kundiimbira, ndipo foni ikhala yotsegula. Chilichonse chimene munene ndimva, sindidula. Koma muyambe mwaimbira amalume ndi a Gerevazio.

Ndine mlongo wanu,
Ndapeza