Kelimane Kapena Maputo

Amayi, kumeneko mukukhalako bwanji? Kuno ku Mongue tilipo. Nandolo wachita bwino, ndipo mng'ono wanga Rozina wabereka mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu. Sukulu imene ndimaphunzitsa ija aifolera malata, ngakhale makoma akadali ndi mabowo a zipolopolo.

Mayeso olowera ku yunivesite ndakhoza. Ndikufuna kuphunzira pisikolojiya, za maganizo a munthu, ndipo malo ndapeza kuwiri, ku Kelimane ndi ku Maputo. Munkati kuya kwa mtsinje umafunsa wonyowa miyendo, choncho ndinalembera aphunzitsi awiri a digiri yachiwiri, ija yophunzitsa kuchiza odwala. Onse ayankha chimodzimodzi: amafuna munthu amene pa digiri yoyamba anachita kafukufuku, masamu ake, ndi ntchito ya m'chipatala. Ku Maputo zonsezi ziliko. Ku Kelimane amangophunzitsa za kaphunziridwe ka ana. Papepala nkhaniyi ndi yosavuta.

Koma Kelimane ndi ulendo wa tsiku limodzi, pamene ku Maputo munthu amabwerako kamodzi pachaka. Ndipo pali achimwene Armando.

Mukudziwa kuti chibwerereni kunkhondo ankadya chophika inu chokha. Chiikireni maliro anu amadya changa chokha. Rozina akawaikira mbale amangoiyang'ana mpaka chakudya kuzizira, amati kutchire anaona anzawo akufa ndi chakudya chopatsidwa. Sabata imene ndinapita kukalemba mayeso ankangotafuna chinangwa chachiwisi chokumba okha. Ndinawapeza malaya akulendewera m'mapewa. Mabuku amene ndawerenga ali nalo dzina la matendawa, koma palibe limene likunena kuti munthu wotere angapirire miyezi ingati. Ndikuopa, amayi.

Amalume akuti mwambo wowasambitsa achimwene kuti za kunkhondo ziwachoke unachitika kale, chatsalachi ndi mwano chabe, ndiponso kuti ophunzira za misala amapenga okha.

Ndayamba kuwaphunzitsa achimwene kuphika. Ndimakhala pambali, iwo amatunga madzi, kusonkha moto ndi kuthira mchere ndi dzanja lawo. Pa masiku khumi adya masiku asanu ndi limodzi. Masiku enawo amaphika bwinobwino, kenako n'kukataya kudzala.

Dzulo masana, tikusenda nandolo, ndinawauza za Maputo. Iwo anati, "Ukabwerako udzandichiza, kapena udzangodziwa dzina la chimene chinandipha?"

Bodza sindinafune kuwauza, choncho ndinangopitiriza kusenda nandolo.

Kalata yovomera malo a ku Maputo ndakaiponya ku Milange m'mawa uno. Yunivesite itsegulira pakatha miyezi itatu. Ndikukulonjezani ichi: ndikapanda kuwaona akudya chophika okha mwezi wathunthu, osadumpha tsiku, sindikwera galimoto, malowo apatse wina.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Selestina