Zimene Ndinaona M'magazi a Zuze

Achimwene,

Landirani moni wanga. Kaya muli bwanji kumigodiko? Kuno tilipo, ngakhale maliro a mwana wanga Maliya sanachoke pamtima.

Sabata yatha Zuze, mlongo wake wa Maliya, nayenso anatentha thupi, ndipo ndinapita naye pabwato kuchipatala cha mishoni. Wothandiza dokotala, Mmang'anja mnzathu, anamubaya chala n'kupaka magaziwo pakagalasi. Ndinamugwira dzanja bamboyo n'kunena kuti, "Bambo, magazi a mwana sasiyidwa kwa alendo. Mukachita nawo chiyani?"

Sanakwiye. Anathira mankhwala pakagalasipo, n'kukaika pamakina oonera tizilombo, nati, "Mayi, suzumirani nokha." Ndinaona tinthu tonga mphete m'magazimo. Iye anati, "Awa ndi malungo, palibe wamulodza."

Achimwene, pomwepo ndinakumbukira azakhali. Paja Maliya anapita ndi kutentha komweku, ife n'kuloza chala azakhali, n'kuwathamangitsa pamudzi ndi mphasa yawo yokha.

Zuze akumwa kwinini, wayamba kudya. Chonde nditumizireni nsalu yabwino. Ndikufuna ndikawagwadire azakhali ku Katunga akadali moyo, pakuti mawu oti "mfiti" anayamba kutuluka pakamwa panga.

Mulungu akusungeni pansi pa nthakapo.

Ndine mlongo wanu,
Esinati