Aphunzitsi Athu a React

Loweruka, 4 Meyi

Sabata yachisanu ya kosi ya React ku Mitundu, yophunzira kupanga mawebusayiti. Njinga yamoto kuchokera ku Nathenje, fumbi mpaka m'mano. Tilipo khumi ndi awiri, malaputopu asanu. Lero batani langa lagwira: ukadina, mayina a mbewu akutuluka. Ndinakuwa. A Jeremiah, aphunzitsi athu, anangoti, "Mwaonatu a Tikondane, si zamatsenga."

Kunyumba bambo anga sanayankhe moni wanga. Fodya akudikira kusankhidwa, ine ndili pa mabatani.

Lachiwiri, 7 Meyi

Fomu yolembetsa alimi ikukana. Ukalemba dzina, likufufutika lokha. Ndinafunsa a Jeremiah. Kuyang'anitsitsa, thukuta pamphuno. Magetsi atazima anapumira m'mwamba ngati apulumuka. Sindinamvetse.

Lachinayi, 9 Meyi

Ndinalawirira. Ndinawapeza kuseri kwa holo, foni m'manja, kope pabondo, akukopera za m'vidiyo. Patapita ola, phunziro lomwelo m'kalasi. Ndi nthabwala yomwe.

Titaweruka ndinawafunsa. Sanakane. Akuti anali kalaliki ku esiteti ya fodya, ntchito inatha, bungwe loyendetsa kosiyi linkafuna wodziwa kompyuta. "Ndimakutsogolerani ndi sabata imodzi yokha. Chonde mayi, ndisungireni chinsinsi."

Munthu wa msinkhu wa bambo anga kundipempha chonchi.

Lolemba, 13 Meyi

Fomu ndaikonza ndekha, ndikuwerenga pafoni m'chigafa. Vuto linali mzere umodzi basi. Chimwemwe palibe. Setifiketi yathu idzatanthauza chiyani?

Edina, amene timagawana laputopu, amasiya khanda kwa apongozi kuti adzaphunzire. Tsiku lililonse nkhani yake ndi ya ntchito ku Lilongwe.

Lachinayi, 16 Meyi

A bungwe abwera Loweruka kudzafunsa aliyense payekha. Ndikaulula, mwina kosi itsekedwa, masabata atatu otsalawo apita. Ndikabisa, gulu lotsatira la Julayi lidzagwa m'zomwezi.

Edina ndamuuza. Analira. Kenako: "Iwe khala chete, titenge pepala lathu."

Mutu ukuwawa kuyambira masana.

Loweruka, 18 Meyi

Ndanena. Mayi wa kubungwe atafunsa ngati aphunzitsi akutithandiza, ndinati amalimbikira, koma nawonso akuphunzira, atipezere wina wowathandiza.

Sanalembe kanthu. Anatseka kope. "Tikudziwa, achemwali. Odziwadi React safuna kubwera kuno."

Tikudziwa!

Anatembenuza laputopu, kudina apa, kudina apo. Anafunsa kuti fomuyo wakonza ndani. Ndinati ine. Ndiye akuti a Jeremiah awachotsa ntchito kumapeto kwa mwezi, kodi gulu la Julayi ndingaliphunzitse?

Ine, wa masabata asanu ndi awiri.

Ndinati ndikaganize kaye. Potuluka, a Jeremiah anali pakhonde akukulunga mawaya. Anandifunsa ngati zayenda bwino. Ndinati eee.