Handulo ya Kathirakitala ka Adadi

Lolemba, 21 Okutobala
Dziko lonse lidziwe: lero, pamaso pa mboni ziwiri, amayi ndi galu, nkhuku yachotsedwa pa udindo. Yakhala ikulamulira pa injini ya kathirakitala ka adadi chimwalirire iwo. Yatula pansi mwamtendere, yasiya mazira.

Nkhani yake njakuti a Yusuph a ku Bangwe akuti akagula, bola kalire. Amayi avomera. "Kakungodya malo m'shedimu," atero, maso ali kwina. Ndiye ine, ndi digiri yanga ya mbiri yakale, ndasankhidwa kukhala makaniko wa Machinjiri yense.

Lachiwiri, 22 Okutobala
Matayala ndi akuphwa. Dizilo wakale wasanduka ngati tiyi wa pamaliro. Ndakhuthula, ndatsuka thanki, sefa ndakagula ku Ndirande. Mu ekizozi, paipi yotulutsa utsi, mavu anamangamo nyumba yosanja, ndipo andilandira pachikope. Mlongo wanga Mildred: "Achimwene, kuyunivesiteko kuthawa sanakuphunzitseni?"

Lachitatu, 23 Okutobala
Diso latupa. Boma lalengeza tchuthi.

Lachinayi, 24 Okutobala
Oyilo watsopano walowa. Koma pali chodabwitsa. Injini yokhala nthawi yaitali chonchi imauma gwa, koma iyi nditapukusa handulo yolizira, yazungulira mofewa ngati yagona dzulo. Handuloyonso ilibe dzimbiri, pogwirira pali see.

Ndinayamba kudzitama kuti ndili ndi dzanja. Mildred wandikokera kuseri kwa bafa. Akuti Lamulungu lililonse amayi akabwera kutchalitchi, asanavule ndi nsapato zomwe, amalowa m'shedi n'kupukusa handuloyo. Ndi mmene adadi ankachitira kuti injini isaume.

Ndawafunsa. "Ine ndimakatola mazira," atero. Khoti latseka mlandu.

Loweruka, 26 Okutobala
Kalira. Poyamba kanatsokomola ngati wosuta chingambwe, kenako thu thu thu, utsi mpaka kwa aneba. Galu wathawa. Ine ndawerama kulandira m'manja, palibe wawomba.

Amayi anatuluka m'khitchini manja ali ndi sopo, n'kuima pakhomo. Sanayang'ane kathirakitala. Anayang'ana kugeti, komwe adadi ankalowera nako pochokera kumunda.

A Yusuph abwera ndi lole masana. Atakweza zonse afunsa handulo. Amayi aitenga okha, aipukuta ndi chitenje, apereka ndi manja awiri. "Muzipukusa ngakhale simukulima, bambo. Sikafuna kuiwalidwa."

Lamulungu, 27 Okutobala
Tabwera kutchalitchi. Amayi, nsapato zili kuphazi, alunjika kushedi. Ndimawaona pawindo. Aima pakhomo nthawi ndithu, nkhuku ikupalasa pomwe panali matayala.

Atabwerera anandipeza pakhonde. "Mazira kulibe lero."

Nthabwala ndinali nayo, yabwino ndithu. Ndaisiya, ndalowa kudzalemba izi. Sabata yonse ndimati ndikukonza injini. Akanakhala mavu aja anandiluma maso onse awiri, bwenzi lero amayi ali ndi chopukusa.