Pampu ya Sola ndi Ndowa za Amalume

Okondedwa Achemwali,

Landirani moni wochokera kutali kuno. Muli bwanji pamodzi ndi alamu ndi ana? Nanga mwendo wa amayi uja, kutupa kunaphwa? Ine ndili bwino, kungoti chimfine chinandigwira sabata yatha, koma chandisiya.

Uthenga wanu ndinaulandira, woti kwabwera bungwe lothandiza alimi ang'onoang'ono kugula mapampu oyendera dzuwa, ndipo mukufuna kukalembetsa dimba lathu. Munafunsa maganizo anga. Ndachedwa kuyankha chifukwa nkhani yomweyo yandigwera kuno, ndiye ndimafuna mtima uyambe wakhala pansi.

Paja mukudziwa kuti ndimagwira ntchito pa famu ya ng'ombe zamkaka ya mayi wina wamasiye. Famuyo ndi yaing'ono, ng'ombe zonse mutha kuziona mutaima pakhomo la khola. Ntchito yanga yeniyeni inali injini ya dizilo imene inkayendetsa makina okamira ndi thanki yoziziritsira mkaka. Injiniyo inali nkhalamba yamakani. Kukazizira m'mawa inkakana kulira, ine n'kumainyengerera ngati mwana wokana kusamba. Anzanga anachita kundipatsa dzina loti Wadizilo, ati ngakhale ndisambe chotani amandimva fungo ndisanatulukire.

Tsiku lina ndili pakati posintha oyilo, ndinangoona lole ikulowa itasenza mapanelo a sola. Amisiri anatsika n'kuyamba kuyeza denga la khola. Mmodzi anandifunsa, mwaulemu ndithu, kuti injiniyo tiisunthira kuti, poti pamalo pakepo pakhala mabatire. Achemwali, nkhaniyo ndinaimva koyamba pomwepo, sipanala ili m'manja. Okama ng'ombe ankadziwa, ngakhale wodzatenga mkaka ankadziwa. Abwana anga, mayi aja, anali atapempha thandizo ku bungwe lina kalekale, ndipo anthu a bungwe atabwera kudzayendera khola, ine ndinkayesa ogula ng'ombe.

Masana ndinapita kukawaona abwanawo. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba akutsuka zidebe zamkaka. Ndinawafunsa chifukwa chimene sanandiuzire. Anayankha maso ali m'chidebe, kuti ankachita manyazi. Ankati andiuza mawa, mawalo likafika n'kulephera. Anatinso dizilo amawadyera phindu lonse, moti pakanapanda thandizolo akanagulitsa ng'ombe chaka chomwechino, tonse n'kubalalika. Sindinawatsutse, poti migolo ya diziloyo ndinkaitsitsa ndine. Ndinangowauza kuti akanandiuza, mwina ndikanawathandiza ngakhale kukonza denga. Anagwira pakamwa, n'kupitiriza kutsuka zidebe zija.

Ndisaname, zinthuzo zikugwira ntchito. Mkaka sukuwonongekanso ngati kale injini ikafa. Pansi pa malata anaikapo zotchinga kutentha, ndiye masana ng'ombe sizikupuma wefuwefu. M'kholamo muli zii, mumachita kumva ng'ombe zikubzikula. Chifuwa chimene ndinkakudandaulirani chija chachepanso, ndiye kuti unali utsi. Mmisiri uja anandionetsa katsukidwe ka mapanelo ndi tanthauzo la timagetsi ta pa bokosi la mabatire, kuti ndizidziwa pakavuta.

Koma ntchito yotsuka mapanelo si yodzaza sabata. Pano ndimapitako masiku ena okha, enawo ndimasaka maganyu kumsika. Choncho musadabwe mukaona kuti kangachepe kamene ndimatumiza kaja kachepanso. Amayi musawauze zimenezi, angayambe kusowa tulo. Injini ija inagulidwa ndi wachigayo wina, ndipo ndinathandiza nawo kuikweza m'galimoto. Ndinamuuza kuti m'mawa aziyamba waiwotcha pang'ono, asamailimbane nayo.

Tsopano za dimba lathu. Kalembetseni, musazengereze. Chilimwe chatha tomato anakupsererani chifukwa madzi sankakwana, ndipo inu msana wanu sulinso wa kale. Pampuyo ikabwera mudzalima mpaka kumtunda kumene abambo ankalakalaka kufika.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo likukhudza amalume. Chimwalirireni abambo, amene athirira dimbalo ndi iwo. Ndowa ziwiri m'manja, kuchitsime, kumabedi, kuchitsime, mpaka dzuwa litakwera. Masamba amene mumawagawira aja ndiwo amawagulira sopo ndi mchere. Komanso mukudziwa kuti chiwasiyireni akazi awo, dimbalo ndilo limawadzutsa m'mawa. Akamadutsa panjira matope ali m'miyendo, anthu amawapatsa moni ngati munthu wochokera kuntchito. Pampu idzamaliza ntchito yawo ya m'mawa wonse tiyi asanapse.

Ndiye musanakalembetse dzina, pitani kwawo. Musawatumire mwana, komanso musawauze mukudutsana panjira. Kakhaleni pansi, muwafotokozere zonse monga zilili, kuti ndowa zidzatha ntchito. Muwafunse maganizo awo pa malo oika pampuyo. Ndamva kuti mabungwe otere amaphunzitsa munthu mmodzi pakhomo kasamalidwe kake. Ngati kwanuko zilinso choncho, muyambe mwafunsa iwo ngati angafune. Mapaipi amafuna wowasuntha, mapanelo amafuna wowapukuta ndi wowalondera, ndipo dimba likakula kupalira kudzachulukanso. Gawo lawo la masamba lisachotsedwe.

Ndikudziwa alamu anena kuti tikuchedwa ndi zaulemu pamene anzathu akulembetsa. Auzeni kuti kucheza ndi amalume sikungathe tsiku. Mwinanso amalumewo akwiya, anena kuti tawaona kukalamba. Asiyeni akwiye, muwamvere mpaka amalize. Ine kuno chimene chinandipweteka si kuchepa kwa ntchito ayi, poti ndinaona ndekha kuti abwanawo analibe pothawira. Chinandipweteka n'choti anthu amene ndinkadya nawo anakhala akundiyang'ana miyezi yonseyo, akudziwa, ine ndikupukuta injini ngati chitsiru. Mpaka lero moni ndimawapatsa modzikakamiza, chonsecho sianthu oipa.

Ngati mukuona kuti pakamwa palemera, ndiimbireni foni Lamlungu masana muli nawo pamodzi. Ndidzayamba ndine kuwauza zanga, kenaka inu mudzapitirize.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mankhwala asamadumphitse. Moni kwa alamu, kwa azakhali, ndi kwa adzukulu anga onse, makamaka wamng'onoyo amene ndamva kuti wayamba kuyenda. Amalume okha musawapatsire moni wanga. Ndidzawapatsa ndekha Lamlungulo.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Chitsirizira wa amayi